Azakhali Berta ndi patarau wawo

Lamulungu lapitali tinakwanitsa chaka chimwalirire azakhali Berta, koma mpaka lero ndikamva mayi wina akukweza mawu pamsewu ndimayamba kukonza kapulana, chitenje chathu kuno, ndi kupukuta mwana mamina. Anali mlongo wawo wa bambo anga, wamkulu pa onse. Ife amene tinabadwa nkhondo ili mkati tinawapeza ali kale munthu woopsa. Anali aafupi, mikono yawo ngati ya mwamuna wocheka matabwa, ndipo akakalipira mwana kwawo ku Lulimile, ana a kutali ku Lione ankasiya kusewera. Nkhani iliyonse ankaitseka mofanana, kuti anena ndi iwo, basi. Mwana wanga woyamba atabadwa, dzina limene ine ndi bambo ake tinasankha silinafike ndi madzulo omwe. Azakhali anabwera kuchipatala, anamuyang'ana mwanayo kumapazi, n'kunena kuti dzina limenelo ndi la munthu wodwaladwala, uyu ndi Amélia. Ndi Amélia mpaka lero.

Ndiye mumvetse kuti sindinakhulupirire pamene Che Saide anandiuza kuti mayi ameneyu anakhala zaka zambiri akulephera kuuza munthu ngakhale kuti asese pansi.

Che Saide ndi a ku Meponda, Msilamu, ndipo ndiwo ankayang'anira uvuni pa padariya imene azakhali ankagwira ntchito, kumene ankaphika buledi amene ife kuno timati pau. Onse awiri atapuma ntchito, Che Saide ankabwerabe kunyumba kwa azakhali sabata iliyonse kudzakangana nawo. Ankakangana za mchere. Ankakangana ngati pau wabwino amadziwika pomugogoda pansi kapena pomununkhiza. Tsiku lina anakangana mpaka tiyi kuzizira pa nkhani ya mphaka amene anafa boma la azungu lisanathe, wina akuti anali wakuda, wina akuti wamawanga. Azakhali anali ndi kapu ndi kampoto ka Che Saide okha, kamene sikanakhudzepo nyama ya nkhumba, ndipo mwana akakagwira ankalandira khofi. Koma powapatsa tiyi m'kapu imeneyo ankawauza kuti amwe msanga azipita, pakhomo pano si pa msika wa usipa.

"Mukuona, mwanangu?" Che Saide ankatero akundiyang'ana. "Patarau uja anali munthu wabwino. Awa ayi."

Patarau kuno ndi bwana, ndiye nthawi yaitali ndinkaganiza kuti akunena za mzungu weniweni.

Mzunguyo analipo poyamba. Ufulu utayandikira, azungu a mu Vila Cabral, monga tauni yathu ya Lichinga inkatchedwa masiku amenewo, anayamba kudwala mano. Aliyense ankati akupita ku Nampula kukaonana ndi dokotala, abwera sabata yamawa. Mwini padariya nayenso dzino linamugwira. Anasiya jekete pampando mu ofesi, makiyi anapatsa azakhali chifukwa ndiwo anaima pafupi ndi chitseko, n'kukwera ndege. Dzinolo akulichotsabe.

Azakhali apo n'kuti ali mayi wa ana akuluakulu. Anayamba kugulitsa pau pa zenera la padariya ali mtsikana, ndipo ankaganiza kuti adzakalambira pomwepo. Boma latsopano litanena kuti antchito asankhe okha wowatsogolera, amuna a ku uvuni ndi amuna okanda ufa anakanirirana. Mbali iliyonse inali ndi munthu wake. Pomaliza anasankha azakhali kuti angogwirizira. Che Saide anandiuza mosabisa kuti mwamuna aliyense pamenepo ankaganiza kuti mayiyu azimuyendetsa ndi iyeyo. Azakhali anakana. Anati sukulu analekezera kalasi yachinayi, mutu wawo ndi wa pazenera, sangathe. Anthu anawomba m'manja ngati avomera. Iwo anapita kuseri kwa nkhuni n'kukasanza.

M'mawa mwake Che Saide anabwera akupukuta manja.

"Dona Berta, ufa watsala pang'ono. Tikande wonse lero, kapena tisiyeko wa mawa?"

"Dikirani ndikafunse patarau."

Mawuwo anangotuluka okha, poti ndi amene ankayankha tsiku lililonse chiyambire ntchito. Analowa mu ofesi, anatseka chitseko, ndipo pamenepo m'pamene anaona mpando wopanda munthu ndi jekete ija. Manyazi anawagwira. Anakhala pansi, osati pampando, pa simenti. Yankho ankalidziwa, pakuti munthu amene wakhala pazenera zaka zonsezo amadziwa kuti bola pau wochepa masiku awiri kusiyana ndi kutseka tsiku lathunthu. Chimene sankadziwa n'chakuti angalinene bwanji ndi pakamwa pawo kwa amuna a ndevu. Patapita kanthawi anatuluka, maso ali pansi.

"Akuti musiyeko wa mawa."

Amuna aja anayang'anana. Onse anamuona mzunguyo akukwera galimoto ya ku bwalo la ndege. Che Saide anakanda m'ndevu.

"Akutero? Chabwino. Ngati anena ndi iwowo."

Ndipo anasiyako wa mawa.

Zinayamba choncho, ndipo zinatenga zaka. Pakakhala nkhani, ya nkhuni, ya wantchito wobwera ataledzera, ya denga lodontha, azakhali ankalowa mu ofesi, kutseka, kutuluka ndi mawu a patarau. Panalibe wantchito amene sankadziwa kuti mulibe munthu. Ndinawafunsa Che Saide chifukwa chimene sanawaseke. Anandiyang'ana ngati ndine wopepera, ngakhale ndili ndi dipuloma ya ku Instituto yopachika pakhoma. Anati bodzalo linkathandiza onse. Mayi ankaopa kulamula amuna, amuna ankaopa kuoneka akumvera mayi. Kumvera jekete kunalibe manyazi.

Nkhondo itafika pa njanji, sitima ya ku Cuamba inayamba kusowa miyezi. Tirigu ankabwera mwa apo ndi apo. Padariya zina zinatseka. Tsiku lina azakhali anakhalitsa mu ofesi kuposa masiku onse, n'kutuluka ndi lamulo lakuti awiritse mbatatesi, imene kuno sisowa, aiphwanye, aisakanize ndi ufa wotsalawo. Che Saide anavula chipewa n'kuchiponya pansi. Anati iwo anaphunzira ntchito kwa anthu odziwa, sadzaika ndiwo mu pau.

"Ine ndangotumidwa, Che Saide," anatero azakhali.

Pau woyamba anatuluka wolemera ngati njerwa. Anthu a pa bisha, mzere wautali umene unkayambira pazenera mpaka kukhota pamsewu, anatukwana mzungu. Wotsatira anatuluka bwinoko, wofewa, wosachedwa kukhutitsa ana. Anthu omwewo anayamba kutama mzungu. Azakhali ankamva zonse ali pazenera, ndipo anandiuza kuti zonse ziwiri zinkawasangalatsa. Matukwano sanali awo. Ulemu nawo sankaufuna, pakuti ulemu ukakupeza anthu amayembekezera kuti mawa uchitenso bwino.

Vuto linayamba pamene ena anazindikira kuti patarau si wa azakhali okha. Mzungu weniweni uja sankalola Che Saide kupita ku mzikiti Lachisanu masana. Ndiye Lachisanu lina Che Saide anavula apuloni dzuwa lisanafike pamutu.

"Mukupita kuti, Che Saide?"

"Ndakumana ndi patarau m'mawa pakhomo apa. Akuti Lachisanu ndiziweruka msanga."

"Mwakumana nawo?"

"Eee. Anenepa."

Azakhali anawalola kupita. Akanati bodza, Che Saide akanafunsa kuti nanga mu ofesimo mumayankhula ndi ndani. Kuyambira pamenepo patarau anayamba kuoneka paliponse. Wina anamuloleza kutenga nkhuni za kunyumba. Wina anamuuza kuti akapume kwa apongozi ake ku Lione. Azakhali ankalowa mu ofesi, n'kutuluka akunena kuti patarau sakukumbukira zimenezo. Koma wokumana naye kwambiri anali Che Saide, ndipo poti ndi munthu wokonda kucheza, ankafotokozera amayi a pa bisha mmene mzunguyo akuonekera, kuti wameta, kuti chimfine chamugwira.

Mapeto a nkhaniyi sanandiuze Che Saide. Anandiuza azakhali okha, atayamba kale kudwala, ndipo ndinachita kuwakwiyitsa kuti anene.

Kuntchito kwathu anandiitana kuti nditsogolere gawo lathu. Ndinati ndikaganize kaye. Ndinakaganizira kuchimbudzi, nditatseka chitseko. Mu gawo limenelo muli abambo amene anayamba ntchito ine ndikuyamwa, ndipo ndinkadziona ndikuwauza zochita kwinaku malaya ali ndi phala la mwana paphewa. Ndiye ndinapita kwa azakhali, amene anasankhira mwana wanga dzina, amene anasankha tsiku la ukwati wanga ndi mtundu wa makatani, kuti andisankhirenso apa. Ndinati chimene anene ndichita.

Anakana. Ndinalira, anakanabe. Ndinawauza kuti iwo sangamvetse chifukwa anabadwa opanda mantha. Apo anadzuka pa mkeka, munthu wodwala, n'kunditcha chitsiru cha dipuloma, n'kundiuza kuti ndikhale pansi ndimve.

Anati kunabwera sekeretale watsopano wa bairu, mkulu wa dera lathu la m'tauni, mnyamata wa magalasi wochokera kummwera, wokonda ntchito yake kwambiri. Atangofika anamva amayi akutama mzungu wa ku padariya. Anafunsa kawiri kuti atsimikize. Zaka zonsezi chilandirire ufulu, mtsamunda akulamulabe antchito pakati pa Lichinga, ndipo palibe amene wanena? Masiku amenewo nkhani yotere sinali yoseketsa. Anthu ankatengedwa pa zochepa kuposa pamenepo kupita ku misasa ya kutchire, kuti akaphunzitsidwe mwatsopano. Anthu a zigawo zina ankawaopseza kuti awatumiza ku Niassa. Ife tinali kale ku Niassa, ndiye kumene ankatitengera kunali kutsogolo kwake, ndipo obwerako anali ochepa.

Anafika m'mawa ndi amilisiya ndi lole, pau woyamba atangolowa mu uvuni, bisha itakhota kale pamsewu.

"Kamarada Berta, titulutsireni mzungu."

Sekeretale anakankha yekha chitseko cha ofesi. Anapeza mpando, jekete ndi fumbi.

"Wathawa. Jekete yake iyi. Ndani amamuona munthu ameneyu?"

Antchito onse anayang'ana pansi. Koma pa bisha panali mayi wina wofuna kuthandiza boma.

"Che Saide amakumana naye Lachisanu lililonse!"

"Akuti ananenepa," anawonjezera wina.

"Kamarada, ine kumangocheza," anatero Che Saide. "Pakamwa pokha, wallahi. Funsani aliyense, ine ndi wabodza chibadwire."

Palibe amene anaseka. Amilisiya anawamanga manja kumbuyo ndi chingwe cha matumba a ufa, n'kuyamba kuwakankhira ku lole. Che Saide anali ndi akazi awo ndi ana aang'ono ku Meponda. Anatembenuka kuyang'ana azakhali.

Azakhali anatsegula pakamwa, ndipo mukudziwa chimene chinatuluka.

"Kamarada, dikirani ndikafunse."

Analowa mu ofesi, sekeretale ali chiimire pomwepo, n'kutseka chitseko. Anandiuza kuti tsiku limenelo ndi lokhalo limene anaifunsadi jekete ija mokweza, kuti nditani ine. Jekete sinayankhe. Anadikira, sinayankhebe. Ndipo zinawakwiyitsa, kuti zaka zonsezi iwo akutuluka thukuta pa simenti, chinthu ichi chakhala pampando wabwino chikulandira ulemu osanenapo ngakhale liwu limodzi. Anaigwira pakhosi. Njenjete zinali zitaidya kale, moti mkono umodzi unatsala pampando.

Anatuluka ataigwira ngati khoswe wakufa.

"Nayu mtsamunda wanu, kamarada. Mumangeni. Che Saide sanakumane ndi munthu."

"Nanga amene wakhala akulamula pano ndani?"

"Ndine."

Ananena motsitsa kwambiri moti ngakhale sekeretale anapendeketsa khutu. Gogo wina kumapeto kwa bisha anakuwa kuti kumbuyo kuno sitikumva.

"Ndine!"

"Mbatatesi mu pau?" anafunsa wina.

"Ndine."

"Pau wa njerwa uja amene anandithyola dzino?"

"Ndine. Dzinolo linali logwedera kale."

"Nanga amene analetsa kuika miyala pa bisha?" Uyu anali mayi wothandiza boma uja. Masiku amenewo munthu ankasiya mwala kapena dengu pamzere kuti limugwirire malo iye akukagwira zina, ndipo patarau anali ataletsa miyala chifukwa anthu ena ankabwera ndi miyala ya banja lonse.

"Ndine. Ndipo mukadzaikanso mwala, pau ndidzagulitsa kwa mwalawo."

Bisha inayamba kung'ung'udza, ena kuseka. Sekeretale anakonza magalasi. Anati ngati zili choncho mlandu wakula, pakuti anthu awiriwa anamiza anthu kwa zaka, ndiye akwere lole onse awiri akafotokoze bwino kutsogolo. Azakhali anati miyendo yawo inali itayamba kale kupita ku lole yokha. Chimene chinawaimitsa ndi mphuno. Kuchokera ku uvuni kunkabwera fungo limene munthu wa padariya amalimva ngakhale ali m'tulo. Umenewo unali ufa womaliza, ndipo sitima panalibe amene ankadziwa kuti idzabwera liti.

"Pau akupserera! Iwe, masula bambo awa! Masula, ndanena ine!"

Mmilisiya amene anagwira chingwe anali mwana wa m'bairu momwemo, ndipo mayi ake anali pa bisha ndi dengu. Anayang'ana sekeretale, anayang'ana mayi ake, n'kumasula. Che Saide anathamangira ku uvuni chingwe chikulendewera padzanja. Sekeretale anayang'ana bisha, anthu anjala onse aja akumuyang'ana iye, ndipo anaona kuti nkhaniyi ikhoza kutha bwino pa msonkhano wa Loweruka.

Pau anatuluka wakuda pansi. Anthu anagula yense.

Loweruka lake awiriwo anaimitsidwa kutsogolo kwa bairu yonse kuti adzidzudzule okha, monga unali mwambo. Che Saide anavomera kuti ali ndi pakamwa. Azakhali anavomera kuti anabisala kumbuyo kwa mtsamunda, ndipo atayamba kuyankhula zinavuta kuwaletsa, moti anadzudzulanso denga la padariya, nkhuni zaziwisi zimene boma linkawatumizira ndi amuna osasamba m'manja. Jekete ija sekeretale anaitenga ngati umboni. Che Saide amalumbira kuti mwezi wa Juni anaona mlonda wa ku ofesi ya bairu ataivala, dzanja limodzi likuzizidwa.

Lolemba lake azakhali anaitana Che Saide pamaso pa antchito onse. Anawauza kuti Lachisanu azipita ku mzikiti, anena ndi iwo, koma akabwerako azikolopa chipinda cha ufa. M'pamene Che Saide anayamba kusowa patarau.

Ndinawafunsa azakhali ngati mantha anathera pamenepo. Anandiseka. Anati mantha sakutha, amangokalamba nawe limodzi. Mpaka tsiku limene anapereka makiyi a padariya, nkhani ikakhala yaikulu ankalowabe mu ofesi muja, kutseka, kukhala pa simenti, kutuluka thukuta. Chinasintha ndi chimodzi chokha, kuti potuluka sankanenanso kuti akuti. Ankakonda kunena kuti munthu amene saopa asamupatse makiyi, ndiponso kuti kulakwitsa m'dzina lako kumapweteka tsiku limodzi koma kuchita bwino m'dzina la wina kumakudya mpaka kalekale. Za ine sananenepo kanthu. Anangoti ndiwapatse madzi, ndizipita, mwana akundidikira. Ntchito ija ndinaivomera. Lolemba lililonse ndimayamba ndadzitsekerabe kuchimbudzi kuja.

Nkhondo itatha padariya inagulitsidwa kwa anthu ena, ndipo azakhali anamanga uvuni wadothi kuseri kwa nyumba yawo ku Lulimile, mmene ankaphikira anthu a m'bairu mpaka miyendo inakana. Pamenepo m'pamene tinasonkhana Lamulungu lapitali titachoka kumanda. Mwana wawo Tomé anati amayi anamuuza asanamwalire kuti uvuniwo augwetse amangepo zipinda. Mkazi wake Joana anati ayi, amayiwo anamuuza iye kuti munthu asadzaukhudze. Bambo anga anati iwo anawauza kuti njerwa za pansizo ndi zawo. Azakhali, amene sabata yawo yomaliza sankatha ndi kuyankhula komwe, zikuoneka kuti anapeza mpata wouza aliyense zimene mwiniwakeyo ankafuna kumva. Tinafunsa Che Saide, amene anabwera atatsamira ndodo, kuti iwo anamvapo chiyani. Anati iwo sanakumane ndi munthu, sanamve kanthu, ndipo asawalowetsemo.

Ndiye uvuni ulipobe, sanaugwetse ndipo sanauyatse. Mvula ya chaka chino yang'amba dothi la pamwamba ndipo mu mng'aluwo mwamera bonongwe. Thabwa lalitali lotulutsira pau latsamira khoma pamene analisiya, chiswe chafika nalo pakati. Pansi, pamene ankaima, dothi ndi lolimba ndi losalala moti udzu wakana kumerapo. M'kati mwa uvuni nkhuku ya Joana yaikira mazira ndipo ikufungatira. Aliyense wodutsa amati nkhuku imeneyi iyenera kuchotsedwa, n'kuyang'ana mnzake.